Thumba la Maposita

Mu Okutobala 2018 makolo a pasukulu ya pulayimale ya m'dera lathu, kuno ku Blantyre, anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya sukulu, ndipo ntchito yoyamba imene tinagwira inali yopaka penti mpanda wa kumsewu. Ndalama zinachokera m'matumba mwa makolo, K500 khomo lililonse, ena kumapereka pang'onopang'ono, mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti kubweretsa zachitsulo zokhazokha atazimanga pansonga ya chitenje. Wolemba maina m'kope ndinali ine, ndiye ndinkadziwa kuti chitini chilichonse cha penti chatuluka m'thukuta la ndani. Mpandawo utatha unali woyera mbee, m'munsi mzere wakuda, ndipo pobwera kuntchito ndinkachita kutsika minibasi siteji yanga isanakwane kuti ndidutse pomwepo wapansi.

Bungwe la zisankho la MEC linatsegulira kampeni pa 19 Malichi 2019, kukonzekera chisankho cha patatu cha pa 21 Meyi. Amene munalipo mukukumbuka mmene mzinda unasinthira: mbendera za buluu, zachikasu, zofiira, za tambala wakuda, pamapolo a magetsi, m'mitengo, pama roundabout, kuchokera ku Limbe mpaka njira ya ku Chileka. Tinkasankha pulezidenti, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi, madera 193 ndi mawodi 462 m'dziko lonse, ndipo dera lililonse linali ndi a zipani kuphatikizapo oyima paokha, aliyense akufuna khoma loti aikepo nkhope yake. Khoma loyera, lalitali, loyang'ana msewu waukulu, m'dera lathu linali limodzi lokha. Posakhalitsa penti ija inkangooneka m'mipata ya pakati pa mapepala, mtengo wa mbawa wa pageti unali utakhomedwa misomali mpaka pamene dzanja la munthu wokwera pampando limafika, ndipo chikwangwani chochenjeza madalaivala kuti apa pamawoloka ana a sukulu chinali chitamatidwa posita pakatikati, kungotsala timiyendo ta ana ojambulidwa aja tikusuzumira m'munsi.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sindiona kuti kupsa mtimako kunali kolakwika. Ana amawoloka pamenepo m'mawa uliwonse, ena a sitandade wani, ndipo msewuwo ndi wotsetsereka. Zimene ndinachita ndi mkwiyowo ndi zimene ndikufuna kuulula.

M'mutu mwanga munali zinthu ziwiri zimene ndinkazitenga kuti ndi lamulo. Choyamba ndinachimva pawailesi ndili m'minibasi, pulogalamu yophunzitsa anthu za zisankho ili kumapeto, kondakitala akukangana ndi wina za chenji, ndipo chimene ndinatolapo chinali chakuti kampeni pasukulu njoletsedwa. Chachiwiri chinachokera kwa msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Dublin. Nditamutumizira chithunzi cha mpanda wathu pa WhatsApp, anandiyankha ndi voice note yaitali, kundifotokozera kuti kwawoko maposita ayenera kutsika pasanathe masiku 7 anthu atavota, kuti posita iliyonse yotsalira amalipiritsa €150, ndiponso kuti khonsolo imachotsa posita yotchinga chikwangwani cha pamsewu. Ananena zoona, za ku Ireland. Ine ndinaphatikiza theka la chiganizo cha pawailesi ndi lamulo la dziko la eni, n'kupeza lamulo langalanga lakuti pamalo a boma sipamatidwa posita ndipo nzika iliyonse yokonda dera lake ikhoza kuchotsa. Sindinafunse ahedi, sindinafunse wapampando wa komiti, ndipo mayi akunyumba atandiona Loweruka m'mamawa ndikutenga ndowa, mpeni wa kukhitchini ndi sitiliwulu, n'kundifunsa kuti, "Abambo, kodi ahedi akudziwa?", ndinayankha kuti ndine mlembi wa komiti, n'kutuluka.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti maposita samatidwa mofanana. Ena amamatidwa ndi phala la ufa wa chinangwa kapena fulawa, lophikidwa panyumba. Amenewa ukawawaza madzi n'kudikira pang'ono, pepala limafufuma, ngodya imadzuka yokha, ukakoka mosamala limatuluka lonse, khoma n'kutsala loyera. Ena amamatidwa ndi guluu wa akalipentala, woyera uja wa m'zitini, ndipo ameneyo madzi sawamva. Ukalowetsa mpeni pansi pake, pepala limang'ambika timizere, ndipo likatuluka limatuluka ndi penti yomwe, nthawi zina ndi pulasitala, kusendeka ngati khungu la mbatata yophika, pansi kuonekera simenti yakuda. Nditaona zigamba zitatu kapena zinayi zoterozo pakhoma limene ndinabwera kudzaliteteza, mtima unagunda, ndiye ndinasiya a guluu onse n'kulimbana ndi a phala okha, kuyenda mpanda wonse kuchokera kugeti mpaka kungodya ya kubwalo la mpira, kuwaza, kudikira, kukoka, kuponya m'thumba la feteleza limene ndinabwera nalo, thukuta kamukamu, dzuwa likukwera, anthu opita kumsika akuima kundiyang'ana, ine n'kumawagwedezera mutu poganiza kuti akuyamikira.

Ndinabwerera kutsidya kwa msewu kuti ndione ntchito yanga yonse bwinobwino, ndipo m'pamene ndinazindikira chimene anthu aja ankayang'ana. Pafupifupi onse a guluu anali a chipani chimodzi. Mpanda wa sukulu, kuyambira kugeti mpaka kungodya, tsopano unali ndi nkhope za chipani chimodzi chokha, zotalikirana bwino, pakati pake poyera potsukidwa ndi manja anga.

Pofika madzulo dera lonse linali litadziwa chipani changa, chimene ine mwini sindinkachidziwa. Kumpopi amayi ankandilonjera ndi chizindikiro cha chipanicho. Mnyamata wa pagolosale anandifunsa monong'ona ngati ma T-shirt atsalako. Zimenezo ndikanatha kuzipirira. Chimene chinandilasa chinachitika Lamulungu masana, pamene mayi wina wachikulire anagogoda pakhomo pathu, n'kukana mpando, n'kukhala pamphasa pakhonde ndi mayi akunyumba. Ankaimira ukhansala payekha, wopanda chipani. Maposita ake ndinawakumbukira, anali a fotokope, akuda ndi oyera, pepala wamba la A4. Analankhula motsitsa mawu. Anati, "Bambo, sindinabwere kudzakangana. Mapepala aja ndinapangitsa ndi ndalama za geni yanga ya makala, ndipo phala anaphika ndi adzukulu anga. Ndimangofuna kumva ngati ndinakulakwiranipo kanthu." Sanandilakwirepo kanthu. Ndinali ndisanaganizepo kuti womata ndi phala ndi amene alibe ndalama ya guluu, kotero kuti pochotsa osavuta kuchotsa ndinachotsa osauka onse n'kusiya amene ali nazo. Ndinayamba kuwafotokozera za lamulo, za Dublin, za €150, mawu akundithera pakamwa chifukwa ndinkadzimva ndekha mmene ndikumvekera, ndipo mayiwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kuthokoza, n'kunyamuka.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kupita kukafunsa. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi balance. Ngati mpanda ukuoneka wa chipani chimodzi, ndingophimba otsalawo, onse afanane. Lolemba pa lunch ndinalowa posindikizira mapepala m'tauni, n'kulembetsa ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSAMATA CHILICHONSE PANO, m'munsi mwake CHINDAPUSA K20,000, ndipo pansi penipeni, chifukwa ndinkaona zotero pamakoma ena, BY ORDER. Chiwerengero cha K20,000 sichinachokere kwina kulikonse, ndinangochiganiza nditaima pakauntala. Madzulo ndinagula kachitini ka guluu, yemwe uja wa akalipentala, n'kumata chidziwitso changa pankhope iliyonse yotsala, chimodzichimodzi, molunjika bwino, mpaka mpanda wonse unangokhala BY ORDER, BY ORDER, BY ORDER, makutu ndi majekete a anthu akutulukira m'mbali.

M'mawa mwake anyamata a chipani chija anandipeza pasiteji. Sanandigwire, sanatukwane, anangondizungulira, mmodzi atanyamula pepala langa limodzi limene anamatula. "Madala, order imeneyi ndi ya ndani?" Ndinati ndi ya lamulo. "Lamulo liti, madala?" Ndinati la zisankho. "Gawo liti?" Minibasi ziwiri zinadutsa ndili chiimire, anthu a pasiteji atasiya nkhani zawo. Tsopano mbali zonse zinali zitandikwiyira, awa chifukwa chong'amba, awa chifukwa chophimba, ndipo ahedi anali atalandira kale mafoni ofunsa ngati sukulu yayamba kulipiritsa chindapusa. Madzulo afumu anandiitanitsa. Anandimvetsera modekha, ahedi ndi wapampando ali pambali akuyang'ana pansi, kenako anati, "Alembi, ife sitikukanani. Mwina lamulolo lilipodi. Pitani mukatitengere pepala lake, tidzawerengere anthu onse pamodzi, nkhani ithe."

Ndinatuluka pamenepo ndili wokondwa. Ndinkakhulupirirabe kuti ndikabwera ndi pepala ndipo aliyense adzandipepesa.

Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinavala jekete la kutchalitchi, ndipo ndinaganiza kuti kuofesi safuna nkhani zapakamwa, amafuna evidence, ndiye ndinatenga thumba la feteleza lija, lodzaza maposita onyowa amene anali atayamba kununkha phala losasa, n'kukwera nalo minibasi, kondakitala n'kundilipiritsa mpando wachiwiri, mayi amene ndinayandikana naye n'kutsegula windo. Ndinayambira kukhonsolo ya mzinda ku Chichiri, chifukwa ndinkadziwa kuti lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo awo a m'dera, ndipo zikwangwani za malonda m'misewu amayang'anira ndi iwo. Anandilandira bwino, anandimvetsera, n'kundiuza kuti popeza nkhani yanga ndi ya kampeni, ndikayambe ndaonana ndi a kwa DC. Ndinasenzanso thumba, jekete litanyowa kumsana, n'kukwera minibasi ina yolowera m'tauni.

Kumeneko ndinakhala pabenchi mpaka nthawi yanga inakwana. Amene anandithandiza anali bambo wa imvi za m'mbali, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ndinafotokoza nkhani yanga mwamphamvu, kusiyako gawo la mpeni ndi la BY ORDER, ndikungonena za mpanda, za makolo, za chikwangwani cha ana. Anagwedeza mutu, anatsegula diloo, n'kutulutsa kabuku ka lamulo la zisankho za aphungu ndi pulezidenti la 1993, chikuto chake chitamatidwa selotepi, masamba ena atapindidwa ngodya. Ananyowetsa chala n'kuyamba kundiwerengera, Chingerezi kaye, kenako kumasulira.

Choyamba, zimene ndinamva pawailesi. Lamulo linkaletsa misonkhano ya kampeni m'malo a asilikali ndi apolisi, m'maofesi a boma ndi malo antchito nthawi ya ntchito, ndiponso m'sukulu nthawi imene ana ali m'kalasi. Misonkhano, osati mapepala apakhoma. Chachiwiri, lamulo linkati DC, mogwirizana ndi bungwe la zisankho, apatule malo omatapo zinthu za kampeni, zipani zonse zikhale ndi mwayi wofanana pamalopo, ndipo ngati malo sanapatulidwe, malo alionse a anthu onse atengedwe ngati apatulidwa. Pamenepo ndinasuntha pampando. Anatsegula masamba a kumapeto, kumene kuli milandu, n'kuwerenga chachitatu pang'onopang'ono: kung'amba, kuwononga, kapena kuchititsa kuti chinthu cha kampeni chimene chamatidwa chisawerengeke, ngakhalenso kumata china pamwamba pake mochibisa, ndi mlandu. Zonse ziwiri zimene ndinachita zinali m'chiganizo chimodzi, motsatana mmene ndinazichitira.

M'chipindamo munali zii, kupatula taipi ya kompyuta kuseri. Fungo la phala linali litadzaza ofesi. Bambo uja anavula magalasi, anayang'ana pakati pa miyendo yanga, n'kufunsa, "Nanga m'thumbamo muli chiyani, bambo?"

Sindinaname. Ndinamasula kukamwa kwa thumba, pamwamba penipeni panali nkhope ya fotokope ya mayi wa makala uja, yong'ambika pachipumi. Ndinaulula zonse, mpeni, guluu, K20,000, msuweni wa ku Dublin, ndikulankhula mofulumira, maso ali patebulo, ndikudikira kuti atenge foni. Sanatenge. Anandiuza kuti dandaulo langa la chikwangwani cha ana ndi lomveka ndipo lili ndi njira yake, kuti m'boma lililonse muli komiti ya zipani zonse, Multiparty Liaison Committee, kumene nkhani zotere zimakambidwa a zipani ali pomwepo, ndiponso kuti komiti ya sukulu ikanatha kulemba kalata kampeni isanayambe, kupempha kuti mpanda usiyidwe ndipo apatule malo ena. Za thumbalo anangoti, "Eni ake a mapepalawa mukuwadziwa. Kakambiraneni nawo iwo asanabwere kuno."

Ananena kuti ndikakambirane nawo. Ine ndinamva kuti ndikabwezeretse, ndipo chifukwa cha manyazi ndinasankha kubwezeretsa usiku, kuti kukacha anthu angopeza zonse zili m'malo, pasakhale wondifunsa. Ndinayanika maposita kuseri kwa nyumba, ndinaphika phala mumphika wa nsima mayi akunyumba atagona, ndipo cha m'ma 11 koloko ndinali pampanda, foni pakamwa ngati tochi, ndowa kuphazi, ndikuyesa kulumikiza zidutswa zimene zinali zitamatana m'thumba, theka la nkhope iyi kukana kukumana ndi theka lake, dzina la wina kugwera pansi pa chibwano cha wina, phala likuyenderera m'mikono mpaka m'zigongono, agalu a tsidya lina akuuwa mosalekeza. Wisulo inalira kumbuyo kwanga. Anyamata a neighbourhood watch anali atauzidwa, chifukwa cha chisokonezo chimene ndinayambitsa ine ndemwe, kuti aziyang'anira mpandawo usiku. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndinakhala, m'fumbi, manja oyera ndi phala, ndipo atandiwalitsa kumaso mmodzi anati, "Aa, ndi alembi," mawu ake osonyeza kukhumudwa kwenikweni. Pamwamba pa mutu wanga panali pepala langa lomwe, loletsa kumata chilichonse.

Anadzutsa afumu. Anadzutsa ahedi, amene anabwera atavala jekete pamwamba pa zogonera. Wina anathamangira kunyumba, ndipo mayi akunyumba anafika atafunda chitenje, anayang'ana ine, anayang'ana mphika wawo, osanena kanthu. Pa zonse zimene zinandichitikira chaka chimenecho, kukhala chete kwawo pamsewu paja ndi kumene ndimakukumbukira kwambiri.

Nkhani inathera pabwalo la afumu Loweruka lotsatira, masana, anthu ali pomwepo, mmene inayenera kuyambira. Ndinapepesa mbali zonse. Ndinalipira kusindikizanso maposita amene ndinawononga, ndalama imene tinkasungira yunifolomu ya mwana, ndipo a mayi wa makala ndinakawapatsa ndekha kunyumba kwawo. Tsiku lomwelo wapampando wa komiti anangopempha, pamaso pa onse, kuti posita ya pachikwangwani cha ana ichotsedwe, ndipo mnyamata yemwe uja anandifunsa za gawo la lamulo ananyamuka, anapita ndi mnzake, n'kukaichotsa msonkhano usanathe.

Kampeni inatsekedwa pa 19 Meyi, 6 koloko m'mawa, maola 48 kuvota kusanayambe. Sukulu yathu inali malo oponyera voti, ndipo pamenepo lamulo linali kumbali ya mpanda: m'kati mwa malo oponyera voti, ndi mamita 100 kuzungulira, simuyenera kuoneka chinthu chilichonse cha kampeni. Woyang'anira malowo anaitana mamonita a zipani zonse ndi a oyima paokha, aliyense anachotsa za munthu wake, ndowa zikuyenda dzanja ndi dzanja, akuseka, dzuwa lisanalowe mpanda unali wopanda nkhope. Mapepala ovuta kwambiri kuchotsa anali anga a BY ORDER, chifukwa guluu sindinamuumire.

Ndinkafunitsitsa kuchitapo chinthu chimodzi cholondola, ndiye ndinadzipereka kuyeza mamita 100 aja. Tepi panalibe. Ndinathamangira kunyumba n'kumasula chingwe choyanikira zovala, chimene ndinali wotsimikiza kuti n'cha mamita 5, n'kuyamba kuyeza kuchokera pageti, mwana wina atagwira nsonga, ine ndikuwerenga mokweza, kudutsa mbawa, kudutsa pampopi, kudutsa siteji, mpaka ndinakafika pagolosale ya bambo wina amene anamata posita ya munthu wake pakhoma la nyumba yake yomwe, ndipo ndinamuuza, ndi mawu a munthu amene tsopano wawerengeredwa lamulo, kuti ichoke. Bamboyo ndi mmisiri womanga nyumba. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi tepi yake, n'kuyeza chingwe changa pamaso pa makasitomala: chinapitirira mamita 8. Malire enieni ndinali nditawadutsa kalekale, cha pampopi. Ndinakulunga chingwe n'kubwerera, mwana uja akunditsatira m'mbuyo.

Chisankho chinadutsa, ndipo kunja kwa mamita 100 aja palibe chimene chinasuntha. Apa ndi pamene mpaka lero mtima wanga sunakhazikike. Nthawi ya kampeni posita ili ndi mwini, ili ndi anyamata oilondera, ili ndi lamulo loiteteza, ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa popanda chitetezo chimenecho munthu ngati ine, kapena woipa mtima kuposa ine, akhoza kufafaniza mayi wa makala m'dera lonse m'mawa umodzi. Koma mavoti akawerengedwa, wopambana amatanganidwa, wogonja alibe mtima ngakhale ndalama yotumira anyamata, ndipo mapepala amatsala. Mvula ikabwera amatsika okha n'kukatseka ngalande. Mbendera zimasuluka, zimang'ambika, nsanza zake n'kumalendewera pafupi ndi mawaya a magetsi. Misomali imatsala m'mitengo, khungwa n'kuimeza, ndipo tsiku lina wocheka matabwa adzaipeza ndi sowo. Maganizo anga ndi akuti aliyense wofuna kumata m'malo a anthu onse azisiya kandalama kukhonsolo, kodzatenga akachotsa zake, kochepa moti woyima payekha angakwanitse. Amenewa ndi maganizo chabe, ndipo masiku ano ndimanena momveka kuti ndi maganizo.

Sitinapume nthawi yaitali. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni chaka chomwecho. Ulendo umenewo komiti inalemba kalata msanga, ahedi ndi afumu anasayina, ndipo tinagwirizana ndi a zipani kuti tiika bolodi pafupi ndi geti, azimata pamenepo, mpanda ausiye. Anavomera mosavuta. Ntchito yogula bolodi anandipatsa ine, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama za makolo ndinagula silingi bodi yopyapyala m'malo mwa pulayiwudi, n'kuikhoma pamitengo iwiri ya bulugama imene sindinaikumbire mozama, ndipo chiperoni chitabwera ndi mphepo ndi kamvula kake, bolodi inafufuma, inapindika, n'kugwa chafufumimba m'ngalande pamodzi ndi nkhope za mbali zonse ziwiri. Mmisiri wa pagolosale uja ndi amene anadzatikonzera ina, yolimba, osalipiritsa. Mpanda sunakhudzidwe.

Zigamba za mpeni wanga tinazimata simenti ndi kupakanso penti, ndalama yake ndinapereka ndekha, pang'onopang'ono. Komiti itasankhidwanso, kope la maina linapita kwa mayi wina mphunzitsi wopuma, amene amafunsa kaye asanachite chinthu, ndipo ine ndinamuvotera.

Mu 2023 kunabwera lamulo latsopano lophatikiza zisankho za pulezidenti, aphungu ndi makhansala, kotero zimene bambo wa magalasi uja anandiwerengera ndi za lamulo la nthawi imeneyo, ndipo amene akufuna kugwira posita ya wina lero apite akawerengeredwe la lero. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chinali ndi madera 229 ndi mawodi 509, kutanthauza nkhope zochuluka kuposa kale. Bolodi ya pageti inadzaza mpaka m'mbali, koma chikwangwani cha ana chinaoneka kampeni yonse. Kumsika ndi kusiteji mapepala akadalipo, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu yalandira misomali yatsopano pamwamba pa yakale. Tagwirizana ndi achinyamata a m'dera kuti Loweruka likubwerali tikazule. Oimira zipani onse tawadziwitsa, afumu alemba kalata, mapulayazi tabwereka kwa mmisiri, ndipo makwerero akwera ndi anyamata, ine ndigwira pansi.